Umboni wa Makabudula

Ndisanayambe nditchuliretu mboni zanga, chifukwa anthu a masiku ano mukamva zoona mumaseka, mukamva bodza mumaomba m'manja. Mboni yoyamba ndi mkulu wina amene ankakonza mawotchi pakhonde lomwe ine ndinkasokerapo pa Boma la Mzimba. Zonse anaziona ndi diso limodzi, poti linalo linkakhala m'kagalasi koonera m'mimba mwa wotchi. Anamwalira, koma sanatsutsepo mawu anga ngakhale amodzi, ali moyo kapena pambuyo pake. Yachiwiri ndi mayi wa zitumbuwa wa pakhomo la msika. Ameneyo alipo, kungoti makutu anatseka, ndiye mukamufunsa chilichonse amati "enya, enya," kumene kuli kuvomera m'Chitumbuka. Yachitatu ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, amene anali mesenjala ku maofesi a boma. Iyeyo akakuuzani kuti ndikunama, ndipo munthu ngati ameneyo akakana chinthu, dziwani kuti chinachitikadi.

Ine ndine telala, wa ku Kasungu kumalire kwenikweni, kumene tambala wa kwathu akalira amadzutsa anthu a ku Mzimba. Ndinakwera kupita ku Mzimba ndi makina anga osokera m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi, ngakhale ukukagula tomato wophwanyika. Ndinakwatira mkazi wa ku Engutwini, ndinalowola monga amachitira kumeneko, ndipo tinakhazikika pa Boma.

Mwana wathu wachisamba anali wamkazi, wolongolola ngati wailesi ya mabatire atsopano. Anakulira pansi pa makina anga. Ine ndikupalasa, iye ali kumapazi kwanga ndi choko changa cholembera nsalu, kujambula pasimenti malole a matabwa amene ankatsika kuchokera ku Chikangawa. Ankawajambula ndi dzanja lamanzere. Kudya tinamuphunzitsa ndi lamanja, kulandira chinthu ndi manja awiri atagwada, ndipo zimenezo anamvera popanda vuto. Koma choko chinali cha dzanja lamanzere basi. Mukachiika kumanja chinkangonjenjemera n'kugwa, mukachibwezera kumanzere lole inkatuluka yathunthu, matabwa ake, unyolo wake, mpaka mnyamata wogona pamwamba pa katundu. Tsiku lina wapolisi anaima pakhondepo n'kuyamba kuyang'ana ngati matayala a lole yojambulayo atha. Funsani wa mawotchi.

Itakwana nthawi yoti ayambe sukulu, ndinazindikira kuti pa Boma aliyense ndi katswiri wa mwana wa mnzake. Anthu amene ana awo anathawa sukulu ali mu Sitandade 2 ankabwera dala pakhonde kudzandilangiza. Wogulitsa nyama anati sukulu yabwino ndi ya mphunzitsi wa mkono wolemera. Mkulu wa mpingo wina anati ndi imene ana amapemphera asanalowe, asanatuluke, ndiponso asanayetsemule. Mayi wina amene sankadziwa n'komwe ngati nyuzipepala waigwira chadodolido anandiuza kuti ndiyang'ane kaye ngati aphunzitsi ake amavala tayi. Ndinkangoti yewo, yewo, ulusi uli kukamwa.

Ndinali ndi njira yangayanga, ndipo mpaka lero ndimati inali njira yanzeru. Mayunifolomu a sukulu zonse za kuzungulira kumeneko ankadutsa pa makina anga, kusokedwa poyamba chaka, kubweranso kudzaikidwa zigamba pakati pa chaka. Sukulu ikhoza kunama pa chikwangwani, ahedi akhoza kunama pa msonkhano wa makolo, koma kabudula wa mwana alibe chifukwa chonamira. Ndinkatero ine.

Makabudula a sukulu ya kufupi ndi msika ankabwera atang'ambika mizeremizere kumatako, ngati munda wolimidwa ndi ng'ombe. Ndinkatha kudziwa ndi mphunzitsi yemwe amene wagwira ntchitoyo: wina ankadula chopingasa, wina chotsetsereka, ndipo panali wina waluso amene mizere yake inkatalikirana mofanana ngati wayeza ndi tepi. Kumeneko ayi. Ya mishoni makabudula ake analibe vuto lalikulu, koma madiresi a atsikana ankang'ambika m'mawondo. Nthawi imeneyo lamulo linkati diresi libise mawondo, ndiye nsalu ndi imene inkalawa kugwada konse, kwa mapemphero ndi kwa chilango, ndipo sindinathe kusiyanitsa kuti uku ndi kuti. Kumeneko ayinso. Panali ina ya kumudzi, cha ku Engutwini kwa apongozi anga, imene makabudula ake ankafika atatsala lamba ndi matumba okha. Kholo linkabwera nalo bowo n'kunena kuti, "Atelala, tiikireni kabudula kuzungulira apa." Ana a kumeneko ankakhala pansi, pamiyala ndi pamizu, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Imeneyo ndinkaiseka poyera.

Inatsala imodzi, ya kuseri kwa maofesi, kumene kunkapita ana a makalaliki, a apolisi ndi a anamwino. Makabudula a kumeneko sankabwera. Ukasoka lero, udzamuonanso mwana atatalika, kudzangofutukula mpindiro. Kumatako kuli see, ngati sanakhalidwepo. Ndinati mumtima, apa ndiye pali aphunzitsi a chifundo ndi mabenchi osalala.

Mlamu wanga mesenjala ankaifunanso sukulu yomweyo, ndipo apa ndi pamene ndikadadzidzimuka, chifukwa ine ndi iye sitinagwirizanepo ngakhale pa za kumene dzuwa limatulukira. Munthuyu ankanyamula maenvulopu a boma kuchoka pa chitseko ichi kupita pa chitseko icho, ndiye ankaganiza kuti zonse zolembedwa m'katimo zinkalowa m'thupi mwake kudzera m'khwapa.

"Alamu," anatero akupukuta nsapato yake ndi chidutswa cha nsalu yanga osapempha, "mbwenu mwana apite kumene kumapita ana a mabwana. Kumene kuja amasankhidwa chomene kupita ku sekondale. Ndi agalu omwe a kumeneko amauwa m'Chingerezi."

"Munawamva inuyo, alamu?"

"Ine ndimadutsako tsiku lililonse ndi makalata."

"Ndiye amakuuwani kuti chiyani?"

"Inu ntchito yanu ndi chipongwe. Lembetsani mwana, mudzandithokoza."

Tsiku lolembetsa ndinamuveka mwana diresi losoka ndekha, la mpindiro wobisa mawondo ndi theka la miyendo, kuti pasapezeke wonena. Ahedi anali bambo wamtali, thumba la malaya litadzaza zolembera. Zambiri mwa izo zinali zivindikiro zokhazokha. Ndikudziwa chifukwa thumbalo ndinasoka ndine, ndipo silinali lakuya moti n'kulowa cholembera chathunthu. Masiku amenewo zaka za mwana sankafunsa pepala. Ankamuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu agwire khutu la mbali inayo, likafika ndiye kuti wakula. Mwana wanga anaponya dzanja lamanzere, khutu gwi, n'kuyamba kuwafotokozera ahedi za malole.

Ahedi anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana ine.

"Aa, wamanzere. Musadandaule, abambo. Timakonza."

Ine ndinamva ngati mmene ndimanenera ndikaona kolala yopotoka. Ndinaganiza kuti amukonzera pokhala, mwina kumapeto kwa benchi kuti chigongono chisamagundane ndi cha mnzake. Ndinathokoza mpaka kuwerama.

Pasanapite nthawi, mayi amene ankaphunzitsa Sitandade 1 anabwera pakhonde panga. Mayi waulemu, wa mawu ofewa ngati akuimba nyimbo ya maliro. Anati akupempha tizidutswa ta nsalu totsala, tatitalitali, topyapyala, ta ntchito ya m'kalasi. Ndinasangalala kuti mphunzitsi wa mwana wanga wandidalira. Ndinasankha tabwino, ta nsalu yachikasu ya maluwa ofiira imene inatsala pa diresi la mkazi wa kalaliki wina, ndipo poti ndine telala wa manyazi ndi ntchito yake, ndinatipinda m'mbali n'kutisoka kuti tisasosoke. Ulere. Anapita akuthokoza m'zinenero ziwiri.

Wailesi ya m'nyumba mwathu inayamba kuzima pang'onopang'ono. Mwana akaweruka ankabwera pakhonde monga kale, kulowa pansi pa makina, koma choko osachikhudza. Ankakhalira dzanja lamanzere, kulibisa pansi pa ntchafu ngati chinthu chakuba. Ndikamufunsa kuti mwaphunzira chiyani lero, mawu ankakakamira pakhosi, "ta-ta-ta," mwana amene kale ankalankhula ndi m'tulo momwe. Lole itadutsa, sankadzutsa mutu. Wa mawotchi, munthu wosalankhulalankhula, anachotsa kagalasi kake m'diso tsiku lina n'kunena kuti, "Atelala, wotchi yanu iyi yaima." Ine ndinati n'kutopa chabe, sukulu ya mabwana si masewera.

Amene anaona ndi mayi ake, pomusambitsa. Anabwera naye pakhonde dzuwa likali pamutu, anthu akuona, n'kutambasula dzanja la mwana pamwamba pa nsalu imene ndinkadula. Mfundo za zala zinali zotupa, zakuda, ndipo pamkono panali mzere wozungulira ngati wavala chibangili.

"Abambo a mwana, werengani apa. Si inu odziwa kuwerenga?"

"Wagwa kapena?"

"Wagwa? Munthu akagwa amatupa mozungulira? Mawa mupite mukaone nokha. Mukapanda kupita ndipita ine, ndipo ine ndikapita mudzasamuka pa Boma pano."

M'mawa mwake ndinatenga buluku la ahedi limene ndinkafupikitsa, ngati chonamizira, n'kudutsira kuseri kwa kalasi ya Sitandade 1. Mawindo analibe magalasi. Ndinaona mabenchi osalala aja, oonadi. Ndinaona ana atakhala mwadongosolo, masileti pamiyendo, chete ngati m'khoti. Pa benchi la kutsogolo panali tiana tingapo, wanga ali pakati, dzanja lamanzere la aliyense litamangidwa ku mwendo wa benchi. Mayi wa mawu ofewa uja ankayenda ndi lula wamatabwa. Mwana akalemba chilembo chopotoka ndi dzanja lamanja, lula ankatera pa mfundo za zala za dzanja lomangidwalo, chammbali, kwinaku mayiyo akunena mokoma kuti, "Tiyesenso, mwanawe." Sanali amanzere okha. Aliyense wolakwa ankatambasula zala. Sukulu yonse inkamenya m'manja, ndipo makabudula onse m'kalasimo anali atsopano ngati ali m'sitolo.

Nsalu imene inamanga mwana wanga inali yachikasu, ya maluwa ofiira. Sinasosoke ngakhale pang'ono. Ntchito yanga sisosoka.

Anthu ena pamenepa amafuna kuti ndinene kuti ndinalakwa. Sindinalakwe. Makabudula ananena zoona zokhazokha za kumatako. Za m'manja sanafunsidwe, ndipo ku Mzimba kunalibe mwana wovala magolovesi woti n'kubwera nawo kwa telala.

Ndinalowa mu ofesi ya ahedi buluku lili m'manja. Muyenera kumvetsa mmene zinthu zinalili. Pakhoma panali chithunzi chija chimene chinali pakhoma lililonse, cha maso otsata munthu kulikonse kumene waima. Ahedi anali wa kumpoto konkuno, ndipo ankadziwa kuti ine ndine wa ku Kasungu. Masiku amenewo munthu wa ku Kasungu akakufunsa funso, unkayamba waganiza kuti wamutuma ndani. Iye ankandiopa ine chifukwa cha kwathu, ine ndinkamuopa iye chifukwa cha zolembera. Ndiye tinakambirana ngati anthu awiri ogwirizira njoka imodzi, wina kumutu wina kumchira.

"Ahedi, ndabweretsa buluku. Komanso ndimati ndifunse za dzanja la mwana."

"Funsani, abambo. M'dziko muno muli ufulu wofunsa." Anayang'ana chithunzi.

"Ufulu ulipo wambiri," ndinatero, nanenso ndikuyang'ana chithunzi. "Kungoti dzanjalo latupa."

"M'mera mpoyamba, abambo. Mtengo timawongola ukali waung'ono. Taganizani, mwana ameneyu adzakule, adzapite kukalandira khadi la chipani ndi dzanja lamanzere. Adzati anaphunzira kuti? Adzati ahedi ake anali ndani?"

"Khadi adzalandira ndi manja awiri. Ine ndikunena za kulemba."

"Boma limafuna mwambo ndi kumvera."

"Boma likuchita bwino kwambiri."

"Kwambiri."

"Chitukuko chili ponseponse."

"Ponseponse, abambo."

Tinayamikira boma mokweza, mosinthana, mpaka belu linalira. Ndikulumbira pali makina anga, tikadapitiriza pang'ono tikadayamba kuvina. Za dzanja sitinabwererekonso. Anayesa buluku, anati lakwana bwino, ine ndinati yewo, n'kutuluka chambuyo.

Madzulo ake mlamu anabwera kunyumba atamva kale, poti mesenjala nkhani imamupeza isanachitike.

"Alamu, mwayamba kulimbana ndi ahedi? Mwana akuwongoledwa, inu mukulira. Ine ndinamenyedwa chomene, ndiye mukundiona lero."

"Tikukuonani, alamu. N'chifukwa chake tikuda nkhawa."

Mkazi wanga sanaseke. Anali atakhala pamphasa, dzanja la mwana lili m'mbale ya madzi ofunda.

"Inu nonse awiri khalani chete. Wina anafunsa maenvulopu, wina anafunsa makabudula. Panalibe woganiza zofunsa ana ovala makabudulawo? Mwanayu mawa sapitako. Apita kwa amama, akalowe sukulu ya kwathu."

"Ya mabowo ija?" ndinatero ine.

"Ya pansi pa mtengo?" anatero mlamu. "Dumbu, mlongo wanga, mwazerezeka? Kumene kuja chiyambire sikunasankhidwepo ngakhale mbuzi."

"Ine ndinaphunzira komweko, ndipo zala zanga zonse zilipo. Werengani."

Ndinati ndikaione kaye ndekha, ulendo uno ndi maso, osati ndi singano. Ndinapalasa njinga kulowera kummwera, kudutsa minda ya chimanga ndi zigafa za fodya, mwana ali pa kaliyala atagwira malaya anga ndi dzanja limodzi.

Ndaonapo zinthu zosokonekera pa moyo wanga, koma sukulu imeneyo inali mfumu yake. Makalasi a akuluakulu anali m'chinyumba cha zidina chimene denga lake linapita ndi mphepo kalekale, ndipo anthu ankalikumbuka ngati m'bale amene anapita ku Joni osalembanso kalata. Belu linali khasu la pulawo lopachikidwa pa nthambi. Sitandade 1 inali pansi pa mtengo wa kachere, kapena ndinene kuti inayambira pansi pa kachere, chifukwa mthunzi unkathera pa ana a kutsogolo, kalasi n'kumapitirira padzuwa, kutsetsereka, mpaka kukafika m'munda wa chinangwa wa munthu wina. Mphunzitsi akayamba kuitana maina m'mawa, pofika kumapeto oyambirira aja anali atamera mano ena. A kutsogolo akaimba "a, e, i," mawuwo ankayenda mzere ndi mzere, ndipo ankafika kumbuyo mawa lake. Masileti kunalibe. Mwana aliyense ankasalaza dothi patsogolo pake ndi chikhatho n'kumalemba ndi chala.

Mphunzitsi wake anali mkulu wa imvi, mawu atasasa, magalasi omangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza, galasi limodzi losweka. Anali Mtumbuka amene boma linamulamula kuti aziphunzitsa m'Chichewa, ndiye ankalankhula chinenero chachitatu chimene ankachimva ndi iye yekha ndi Mulungu. Ndodo anali nayo, sindikubisa, koma inkafika mizere iwiri yokha, ndipo kuti adzuke apite kumbuyo akadaponda ana ambiri moti boma likadamva.

Ndinaima pamenepo n'kuyang'ana kumbuyo kwenikweni, cha ku chinangwa. Kumeneko tiana tinkachita zofuna zawo. Wina ankalemba chagada. Wina ankalemba ndi chala cha kuphazi. Panalibe wowaona. Mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi.

Ndinabwerera kwa apongozi, ndinagula nkhuku, n'kukawapeza aphunzitsi pa nthawi yopuma.

"Aphunzitsi, ndapota nanu, mwana wangayu mumulembe, ndipo mumukhazike kumbuyo kwenikweni."

"Kumbuyo? Adada, makolo onse amabwera ndi nkhuku kuti mwana akhale kutsogolo."

"Nkhuku ndabwera nayo. Iyi ndi ya kumbuyo."

Anavula magalasi, anamuyang'ana mwana, anavalanso.

"Kodi amaluma?"

"Saluma."

"Ali ndi mphere?"

"Alibe."

"Adada, ndikuuzeni zoona. Kumbuyo kuja ine sindinafikeko. Ndimangomva kuti kuli ana."

"Ndi komweko ndikufuna."

Anaikweza nkhuku kuyesa kulemera kwake, n'kunena kuti, "Mbwenu, chabwino."

Umo ndi mmene ine, telala wodziwika pa Boma lonse, ndinasankhira mwana wanga sukulu yoipitsitsa m'boma la Mzimba, mwadala, maso ali tseguke, n'kulipiranso nkhuku kuti mphunzitsi asamuone. Apongozi anga, mayi wolima fodya amene analibe nthawi ya zopusa, anati iwo alibe nazo kanthu kuti ndi dzanja liti, bola lizitha kusoka fodya ndi kutunga madzi.

Musaganize kuti zinali zokoma. Kubwerera ndekha pa njinga, kaliyala ali pululu, ndinapalasa ngati ndanyamula matumba a chimanga. Pansi pa makina panali pozizira. Mayi ake ankalira akamatsuka mbale, akumati ndi utsi, chonsecho moto unali utazima. Ndipo sindinkadziwa ngati dzanja lija lidzadzukanso, kapena ngati tinachedwa, lula anali atamaliza kale ntchito yake. Mwana amene ndinamusiya kwa agogo ake anali wosalankhula, wokhalira dzanja.

Mlamu ndiye anapeza ntchito yachiwiri. Ankalowa ofesi ndi ofesi kulengeza kuti telala wa ku Kasungu wachotsa mwana pa benchi n'kukamutaya m'chinangwa. Akatswiri aja anabweranso pakhonde, wogulitsa nyama, mkulu wa mpingo, mayi wa nyuzipepala ya chadodolido, aliyense kudzandipepesa ngati pachitika maliro. Mayi wa mawu ofewa anabweranso kudzapempha tizidutswa tina. Ndinamuuza kuti masiku ano nsalu zikutha ndendende, sizikutsala.

Sukulu zitatsekera, apongozi anamukweza mwana basi pamodzi ndi mayi wina wa m'mudzimo wobwera ku chipatala. Mwana anafika pakhonde m'mawa, atada ndi dzuwa, diresi kumbuyo litatha ngati lanyambitidwa ndi ng'ombe. Anagwada, anapereka moni wa mawu awiri, n'kulowa pansi pa makina, malo ake akale. Manja onse awiri anali pamiyendo.

Tsiku limenelo mlamu analipo. Kabudula wake wa kaki wa ntchito anali atamuthina, poti mesenjala amanenepa ndi tiyi wotsala wa mabwana, ndiye anabwera kuti ndimufutukulire m'chiuno. Anaima kuseri kwa chitseko cha sitolo atadzikulunga chitenje cha mkazi wanga, masokosi aatali ndi nsapato zili kumapazi, akulalikira.

"Mwamuona, alamu? Wabwera ngati wochokera ku ubusa. Mufunseni ngati akudziwa ngakhale chilembo chimodzi. Anzake kuseri kwa maofesi akuwerenga mabuku."

Ndinatenga choko, n'kuchigwetsa pansi ngati mwangozi, pakatikati penipeni pa mapazi a mwana, osati kumanja, osati kumanzere. Ndinapitiriza kupalasa makina, koma singano inalibe ulusi. Wa mawotchi anachotsa kagalasi m'diso. Mayi wa zitumbuwa, amene nthawi imeneyo ankamva, anasiya kukuwa malonda.

Mwana anachiyang'ana chokocho nthawi yaitali. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kumsewu. Kumsewuko kunkadutsa lole ya matabwa, ikulira potsika, ndipo itapita ndinamva kaphokoso kena pansi pa makina, kwe, kwe, kwe, pasimenti.

Linali lamanzere.

Anajambula lole yonse, matabwa, unyolo, mnyamata wogona pamwamba. Ali pa tayala lachiwiri pakamwa panatseguka, ndipo sipanatsekekenso mpaka lero, funsani mwamuna wake. Anatiuza za mbuzi imene inalowa m'kalasi n'kukhala masiku angapo aphunzitsi osadziwa. Anatiuza kuti kumbuyo kwawoko bolodi silioneka, ndiye iye amathamangira kutsogolo kukasuzumira zimene zalembedwa, n'kubwerera kudzazilemba padothi zikuluzikulu, anzake onse a m'chinangwa n'kumakopera kwa iye. Ankakopera zonse, ndi dzanja lomwe. Mukapita cha ku Engutwini lero pa nthawi yogulitsa fodya, mudzaona amuna a imvi ndi amayi a zidzukulu, a msinkhu umodzi, akusayina ndi dzanja lamanzere mzere wathunthu. Amenewo ndiwo Sitandade 1 ya kumbuyo. Anthu a zaumoyo anabwera kudzafufuza ngati ndi madzi a m'chitsime.

"Kujambula si kulemba," anatero mlamu kuseri kwa chitseko. "Ndi nyani yemwe akhoza kujambula. Alamu, kabudula wanga, nthawi yatha, bwana akundidikira."

Kabudulayo ndinali nditamaliza kale, ndipo anali atatsetsereka pa tebulo n'kugwera pansi pafupi ndi mwana, kumatako kuli m'mwamba, kaki wosalala, wotambalala bwino kuposa sileti iliyonse. Simenti inali itadzaza ndi lole. Mwana wozolowera kulemba paliponse pamene pali posalala sanafunse munthu. Pa sukulu paja anali atafika pa mawu a zilembo zinayi, ndiye analemba limodzi mwa amene ankawadziwa bwino, zilembo zoyera, zoongoka, zazikulu zoti ndi wa kumbuyo kwenikweni aone: bulu.

Ndinatola kabudulayo. Ndinaona. Zilembo zinali zokongola moti ahedi a zivindikiro akadaziona akadalira. Telala safufuta choko cha mnzake, ndi mwambo wa ntchito yathu. Ndinamupinda bwinobwino n'kumupereka kuseri kwa chitseko ndi manja awiri.

Mlamu anavala mothamanga, anakwapatira maenvulopu ake, n'kutsika pakhonde. Anadutsa pakhomo la msika, anadutsa pa positi ofesi, anawoloka msewu kulunjika ku maofesi, mutu uli m'mwamba, akubweza moni kwa anthu amene tsiku limenelo ankamupatsa moni mwansangala yachilendo, makamaka akawadutsa. Ana a sukulu ya kuseri kwa maofesi, odziwa kuwerenga aja, anamutsatira pambuyo akutchula chilembo chimodzichimodzi mokweza, monga anawaphunzitsira mayi wa mawu ofewa.

Ine ndinalowetsa ulusi m'singano. Pansi pa makina wailesi inali ikulirabe. Pa makabudula onse amene anadutsa m'manja mwanga pa Boma la Mzimba, ameneyo yekha ndiye ananena zoona zonse.